Kaundula wa ku Piscataway: Mbiri ya Komiti ya IEEE 802

Mu February 1980, mainjiniya a makampani osiyanasiyana anakumana mu hotela ya Jack Tar mumzinda wa San Francisco ku America kuti agwirizane chinthu chimodzi: makompyuta omwe ali m'nyumba imodzi, kaya ndi ofesi, fakitale kapena sukulu, azitumizirana bwanji mauthenga pa waya. Wapampando anali Maris Graube, injiniya wa kampani ya Tektronix, yemwe anapempha bungwe la IEEE kuti livomereze ntchitoyi. Ntchitoyo inapatsidwa nambala 802, ndipo komiti yomwe inabadwa pamsonkhanowo ikudziwikabe ndi nambala yomweyo mpaka lero.

Chomwe anasonkhanira sanachikwanitse. Ankafuna muyezo umodzi woti aliyense azitsatira, koma atakangana kwa zaka zingapo anatuluka ndi miyezo itatu yosamvana, ndipo iwiri mwa iyo inafa kalekale. Komabe mkati mwa phokoso lonselo anagwirizana kanthu kena komwe panthawiyo sikankaoneka ngati nkhani: kuti chipangizo chilichonse cholowa pa netiweki chizikhala ndi nambala yakeyake ya mabiti 48, yoti china chilichonse padziko lapansi chisakhale nayo. Nambalayi ndi imene anthu a makompyuta amaitcha MAC adiresi. Mukatembenuza rauta ya mu ofesi n'kuyang'ana kapepala komatidwa kunsi kwake muipeza, zilembo ndi manambala 12 zolembedwa ziwiriziwiri. Zingwe za m'ma 1980 zinazulidwa m'makoma, makampani ambiri omwe ankakangana anagulidwa kapena kutsekedwa, koma nambalayo ikadali ya mabiti 48.

IEEE si nthambi ya boma lililonse. Ndi bungwe la mainjiniya a zamagetsi lomwe linapangidwa mu 1963 pamene mabungwe awiri akale anaphatikizana: AIEE, lomwe linayamba mu 1884 m'nthawi ya telegalafu ndi magetsi oyambirira, ndi IRE la akatswiri a wailesi, lomwe linayamba mu 1912. Likulu lake lili ku New York, koma ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo za miyezo, zimachitikira m'tauni ya Piscataway m'chigawo cha New Jersey. Bungweli lilibe apolisi kapena khoti. Muyezo wake umakhala ndi mphamvu pokhapokha opanga katundu ataona kuti kuutsatira kuwapindulira.

Nkhani ya nambalayi inayamba komitiyo isanabadwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kampani ya Xerox inali ndi malo a kafukufuku otchedwa PARC ku Palo Alto, ku California. Kumeneko ankapanga Alto, kompyuta yoti munthu mmodzi akhale nayo patebulo pake, komanso makina osindikizira a laser othamanga kwambiri. Vuto linali lakuti makompyuta ambiriwo afike bwanji ku makina osindikizira amodzi. Pa 22 May 1973, Robert Metcalfe analemba kalata ya mkati mwa kampani yofotokoza yankho lake, ndipo pamodzi ndi David Boggs anaiyendetsa netiwekiyo kumapeto kwa chaka chomwecho. Nzeru ina anaitenga ku ALOHAnet, netiweki ya wailesi yomwe Norman Abramson ndi anzake anamanga pa yunivesite ya Hawaii kuti ilumikize zilumba. Netiweki ya Metcalfe anaitcha Ethernet, ndipo inkathamanga mabiti 2.94 miliyoni pa sekondi.

Kayendedwe kake kanali kosavuta kumva. Chingwe chimodzi chinkadutsa m'nyumba monse, makompyuta onse n'kulumikizidwa pa chingwe chomwecho. Yofuna kutumiza uthenga inkayamba yamvetsera; ikamva kuti pa waya pali zii, inkatumiza. Ziwiri zikayamba nthawi imodzi, mauthenga ankawombana, zonse zinkasiya, iliyonse n'kudikira kanthawi kosankhidwa mwamaere isanayesenso. Koma pa chingwe chotere phukusi lililonse la uthenga limafika kwa onse. Choncho pamutu pa phukusi pamayenera kulembedwa kuti likupita kwa ndani ndipo lachokera kwa ndani, kuti khadi la netiweki la kompyuta iliyonse lizitola zake zokha, zina n'kuzisiya zidutse. Pa Ethernet yoyambayo adiresi inali ya mabiti 8, yokwanira makina 256 basi. Inali nambala ya pamalo. Makina a nambala 17 pa chingwe china ndi makina a nambala 17 pa chingwe chinanso sankasokonezana malinga sanakumane, koma mukasamutsa kompyuta munkayenera kuipezera nambala ina.

Metcalfe anachoka ku Xerox mu 1979 n'kuyambitsa kampani yake ya 3Com, ndipo anathandiza kukopa makampani atatu, Digital Equipment Corporation, Intel ndi Xerox, kuti amange Ethernet yatsopano pamodzi. Malamulo a ku America amaletsa makampani akuluakulu kupangana mwamseri kuti atsekereze anzawo pamsika, ndiye njira yotetezeka inali kuulula zonse poyera kuti aliyense wofuna apange katundu wake. Pa 30 September 1980 anatulutsa chikalata chomwe chimadziwika kuti DIX, kuchokera ku zilembo zoyamba za makampani atatuwo. Liwiro linakwera kufika mabiti 10 miliyoni pa sekondi, ndipo adiresi inalumpha kuchoka pa mabiti 8 kufika pa 48.

Kulumpha kumeneku ndiko kofunika kukuyang'anitsitsa. Mabiti 48 amapereka manambala opitirira 281 thiriliyoni, pomwe chingwe chimodzi cha Ethernet sichinkaloledwa kunyamula makina oposa 100, ndipo netiweki yonse inkalekezera pa 1,024. Kwa injiniya wozolowera kusunga biti iliyonse, kumeneku kunali kuwononga. Yogen Dalal ndi Robert Printis a ku Xerox anafotokoza maganizo awo m'pepala lomwe linatuluka mu 1981. Iwo sankawerengera makina a m'nyumba imodzi. Ankafuna kuti nambala ikhale ya makinawo, osati ya malo omwe aikidwa, kuti kompyuta ikachoka pa netiweki ina kupita pa ina isafunike munthu woipatsa dzina latsopano. Ndipo kuti fakitale ya ku Japan ndi ya ku Germany zizitha kudinda manambala popanda kufunsana tsiku lililonse, nkhokwe ya manambala inayenera kukula kwambiri moti n'kumaigawa m'zigawo zikuluzikulu osadandaula za zotsala. Ena m'komiti ya 802 sanakhutire, ndipo miyezo yoyamba inalolanso adiresi yaifupi ya mabiti 16. Opanga katundu sanaikonde, ndipo patapita nthawi inachotsedwa.

Makampani atatu aja anabweretsa DIX ku komiti akuyembekeza kuti ingodindidwa. Anakumana ndi IBM, kampani yomwe panthawiyo inali yaikulu kuposa onse pa zamakompyuta. Mainjiniya a IBM, makamaka a ku malo ake a kafukufuku ku Zurich, ankakonda njira ina yotchedwa Token Ring. Makompyuta amalumikizidwa mozungulira, ndipo kauthenga kachilolezo kamayenda kuchoka pa ina kupita pa inzake. Yokhayo yomwe yagwira chilolezocho ndiyo imatumiza. Palibe kuwombana. Mbali yachitatu inali ya anthu a mafakitale, ndipo pambuyo pake General Motors inaikapo mphamvu zake. Iwo ankafuna chingwe chowongoka ngati cha Ethernet koma chokhala ndi chilolezo choyenda ngati cha IBM, ndipo njira yawo inatchedwa Token Bus.

Masiku ano n'kosavuta kuwaseka omwe anagonja, koma mfundo yawo inali yomveka. Pa Ethernet yakale palibe yemwe akanalonjeza kuti uthenga ufika pasanathe nthawi yakutiyakuti, chifukwa zonse zinkadalira maere. Kwa mlembi wotumiza kalata ku makina osindikizira zimenezo si kanthu. Kwa injiniya yemwe roboti yake ikuwotcherera chitseko cha galimoto pa mzere woyenda, kuchedwa kosadziwika utali wake ndi ngozi. Anthuwa ankateteza malonda a makampani awo, inde, komanso ankayankha mafunso osiyana.

Malamulo a komiti amafuna kuti mavoti 75 pa 100 alionse avomereze chinthu chisanadutse. Palibe mbali yomwe ikanafika pamenepo, ndipo mbali iliyonse inali ndi anthu okwanira kutsekereza zinzake. Anathetsa nkhaniyo pogawana. Gulu la 802.3 linatenga Ethernet, motsogozedwa ndi Don Loughry wa ku Hewlett-Packard, la 802.4 linatenga Token Bus, la 802.5 linatenga Token Ring. Muyezo wa 802.3 unavomerezedwa mu 1983 n'kusindikizidwa mu 1985, chaka chomwe IBM inayamba kugulitsa Token Ring yake ya mabiti 4 miliyoni pa sekondi. Kunena zoona, kumeneku kunali kuvomereza kulephera n'kusiyira msika kuti uweruze. Koma kuti miyezo itatuyo ikhale ya banja limodzi, komiti inagawa ntchito ya khadi la netiweki pawiri: gawo lapamwamba lofanana kwa onse, ndi gawo lapansi loyang'anira mmene makina amalowera pa waya, lomwe chidule chake ndi MAC. Adiresi ya Xerox inakhala m'gawo lapansilo pa miyezo yonse itatu.

Ngakhale pamenepa mkangano unasiya chipsera. Anagwirizana za utali wa nambala, koma osati za biti yomwe iziyamba kulowa pa waya. Ethernet imatumiza baiti iliyonse kuyambira ku biti yaing'ono, Token Ring kuyambira ku yaikulu. Zotsatira zake, nambala imodzi yomweyo inkaoneka mosiyana malinga ndi mbali yomwe mwaima. Makina a Sun Microsystems, omwe adiresi yawo imayamba ndi 08-00-20, ankaoneka ngati 10-00-04 kwa munthu wa Token Ring. Amisiri olumikiza mitundu iwiriyi m'maofesi a m'ma 1990 anataya nthawi yambiri akutembenuza mabiti ndi pensulo.

Nambala yosabwerezedwa imafuna wina wosunga buku. Poyamba anali Xerox. Kampani yofuna kupanga makhadi a Ethernet inkalipira madola 1,000 n'kulandira chilolezo pamodzi ndi chigawo chake cha manambala. Koma sizikanatheka kuti IBM ndi ena onse azikapempha manambala kwa kampani yopikisana nawo mpaka kalekale, ndipo mu 1986 IEEE inakhazikitsa ofesi yotchedwa Registration Authority kuti itenge kaundulayo. Dongosolo lake ndi ili. Mabiti 24 oyamba, omwe amatchedwa OUI, amaperekedwa ndi ofesiyo ndipo amasonyeza kampani. Mabiti 24 otsalawo kampani imadzigawira yokha, ndipo amakwana manambala 16,777,216. M'baiti yoyamba muli mabiti awiri apadera. Ina imanena ngati phukusi likupita kwa makina amodzi kapena kwa gulu. Inayo imanena ngati nambalayo yachokera m'kaundula kapena mwini netiweki wangoipeka yekha kuti aigwiritse ntchito pamalo pake. Adiresi yomwe mabiti ake onse ndi 1, yolembedwa FF-FF-FF-FF-FF-FF, ndi ya aliyense: phukusi lotumizidwa kumeneko makina onse amalitsegula.

Kaundulayo ndi wapoyera, aliyense akhoza kumukopera pa intaneti, ndipo kumuwerenga kuli ngati kuyenda m'mbiri ya makampaniwa. Mizere yoyambirira, kuyambira 00-00-00, ndi ya Xerox. Pafupi pomwepo pali 00-00-0C ya Cisco, yomwe inalembedwa kampaniyo ikadali yaing'ono. Digital ili pa 08-00-2B ngakhale kuti kampaniyo inagulidwa ndi Compaq mu 1998. Muli ndi zolakwika zomwe sizinafufutidwe. Nambala ya 3Com ya 02-60-8C ili ndi biti ija yonena kuti ndi yopeka pamalo, chifukwa inaperekedwa lamulo la bitiyo lisanakhazikike. Ndipo 08-00-30 imapezeka katatu, kwa eni atatu osiyana, mmodzi mwa iwo ndi CERN ya ku Geneva. Kaundula yemwe cholinga chake chonse n'kuletsa kubwereza ali ndi kubwereza pamasamba ake oyamba, ndipo dziko silinagwe.

Silinagwe chifukwa nambalayi siyenda ulendo wautali. MAC adiresi imagwira ntchito mkati mwa netiweki imodzi. Phukusi likafika pa rauta, rautayo imavula mutu wakale n'kuika watsopano wokhala ndi adiresi yake ndi ya makina otsatira. Chomwe chimayenda kuchoka ku Lilongwe kukafika ku London ndi IP adiresi, yomwe ndi ya mabungwe ena, osati IEEE. Kusiyana kwake kuli ngati kwa galimoto yochokera ku Japan: nambala ya chasisi inadindidwa kufakitale ndipo imakhala yomweyo, pomwe nambala ya pamsewu imasintha galimotoyo ikalembetsedwa kuno. Cholumikiza ziwirizi ndi njira yotchedwa ARP, yomwe David Plummer analemba mu November 1982. Kompyuta yofuna kutumiza kwa inzake imafuula kudzera pa adiresi ya aliyense ija, kufunsa mwini IP adiresi yakutiyakuti. Mwiniyo amayankha ndi MAC adiresi yake, wofunsayo n'kuisunga kwa kanthawi. Palibe chotsimikizira kuti woyankhayo akunena zoona. Njirayi inalembedwa pakati pa anthu odalirana, ndipo akuba a pa netiweki akhala akulowera pakhomo pomwepa kwa zaka zoposa 40.

Kudalirana komweko ndi kumene kwagwira kaundula yense. Ofesi ya ku Piscataway ilibe njira yoletsera fakitale kudinda nambala ya eni ake pa katundu wake, kapena kuika nambala imodzi pa zipangizo zambirimbiri. Zimachitika, makamaka pa katundu wotchipa. Zipangizo ziwiri zotere zikakumana pa netiweki imodzi, zonse zimayamba kudukaduka, mauthenga a china akupita kwa chinzake, ndipo mmisiri amatha tsiku lonse akusintha zingwe zabwinobwino asanaganize zoyang'ana manambala. Chilango chenicheni cha kampani yotere ndi makasitomala obweza katundu.

Chomwe chinakweza adiresiyi kuchoka pa chizindikiro wamba kufika pokhala msana wa netiweki chinali chipangizo chotchedwa bridge. Chingwe choyamba cha 802.3 chinali chokhuthala, nthawi zambiri chachikasu, chotalika mpaka mamita 500, ndipo polumikiza kompyuta ankachiboola ndi kachitsulo kosongoka. Makina akachuluka, kuwombana kunkachulukanso. Mu 1986 Digital inatulutsa LANBridge 100, yomwe inkaima pakati pa zingwe ziwiri n'kumawerenga adiresi ya wotumiza pa phukusi lililonse. Mwa njira imeneyi inkaphunzira yokha kuti makina akuti ali mbali iyi, akuti ali mbali inayo, ndipo inkangowolotsa maphukusi ofunika kuwoloka. Palibe munthu ankailembera mndandanda. Zimenezi zinatheka chifukwa nambala iliyonse inali yosabwerezedwa, monga Dalal ndi Printis anafunira. Vuto linali lakuti zingwe zikalumikizidwa mozungulira, phukusi linkazungulira osaima mpaka netiweki yonse kudzaza. Radia Perlman, nayenso wa ku Digital, anapeza njira yoti zipangizozo zizikambirana n'kutseka zokha njira zobwerezabwereza, ndipo komiti inaiika mu muyezo wa 802.1D mu 1990.

Chaka chomwecho cha 1990 kunabwera 10BASE-T, yomwe inalola Ethernet kuyenda pa mawaya opotana onga a telefoni, kompyuta iliyonse ndi chingwe chake chopita ku bokosi lapakati. Kampani yaing'ono ya Kalpana inaika nzeru ya bridge m'bokosi la makomo ambiri n'kulitcha switch, ndipo Cisco inagula kampaniyo mu 1994. M'kupita kwa nthawi makina alionse anakhala ndi njira yawoyawo, ndipo kuwombana, komwe kunali chida chachikulu cha otsutsa Ethernet, kunatha. Token Ring inali yodula, yodalira kwambiri kampani imodzi, pomwe makhadi a Ethernet ankapangidwa ndi makampani ambiri opikisana pa mtengo. Inafota pang'onopang'ono. Muyezo wa Token Bus unachotsedwa mu 2004. Liwiro la Ethernet linapitirira kukwera: mabiti 100 miliyoni pa sekondi mu 1995, 1 biliyoni mu 1998, 10 biliyoni mu 2002, 400 biliyoni mu 2017. Pofika pa 10 biliyoni, njira ija yomvetsera ndi kudikira mwamaere inali itasiyidwa. Pa zomwe Metcalfe ndi Boggs anamanga, chingwe chinapita, maere anapita. Chinatsala ndi kaumbidwe ka phukusi ndi maadiresi awiri omwe ali pamutu pake.

Pa kaumbidwe ka phukusiko komiti inagonjanso mwakachetechete. Mu DIX, mabaiti awiri otsatira maadiresi ankanena mtundu wa katundu yemwe ali m'phukusi, mwachitsanzo 0800 kutanthauza IP. Komiti ya 802.3 inasintha kuti mabaitiwo azinena utali wa phukusi. Anthu a intaneti anangopitiriza kugwiritsa ntchito njira ya DIX osalabadira muyezo, ndipo mu 1997 komiti inavomereza zonse ziwiri: nambala ikakhala 1,500 kapena kucheperapo ndi utali, ikakhala 1,536 kapena kuposa ndi mtundu. Kaundula wa mitunduyo nayenso anachoka m'manja mwa Xerox kupita ku ofesi yomwe ija ya IEEE.

Kayendetsedwe ka komitiyi kali ndi zake. Misonkhano ikuluikulu imachitika katatu pachaka, mu March, July ndi November, m'mahotela a mizinda yosiyanasiyana, ndipo pakati pake magulu amakumana paokha. Papepala, wovota ndi munthu, osati kampani kapena dziko, ndipo ufulu wovota amaupeza popezeka pamisonkhano mokhulupirika. Koma matikiti a ndege ndi ndalama za hotela amalipira ndi olemba ntchito, choncho kampani yotha kutumiza anthu 30 ili ndi mawu omwe yunivesite yotumiza mmodzi ilibe. Zimenezi zinaonekera poyera mu 2006, pamene akuluakulu a miyezo a IEEE anaimitsa kwa kanthawi gulu la 802.20, lomwe linkalemba muyezo wa intaneti yopanda waya ya anthu oyenda, chifukwa cha madandaulo akuti mbali imodzi inkalamulira mavoti, ndipo atsogoleri a gululo anasinthidwa. Injiniya wa ku Blantyre kapena ku Lusaka ali ndi ufulu wofanana ndi wa ku California, malinga apeze womulipirira. Chomwe chimamufika popanda tikiti ndi zikalata zokha, chifukwa miyezo ya 802 imaperekedwa kwaulere pa intaneti pakatha miyezi 6 itasindikizidwa. Paul Nikolich, yemwe anakhala wapampando wa komiti yonse kuyambira 2001 kwa zaka zoposa 20, anatsogolera bungwe lomwe zochita zake zimafika m'nyumba za anthu mabiliyoni omwe sanalimvepo dzina.

Adiresiyo inatuluka pa waya mu 1997, pamene gulu la 802.11, motsogozedwa ndi Vic Hayes wa ku Netherlands, linatulutsa muyezo woyamba wa zomwe lero timati Wi-Fi. Sanapeke nambala yatsopano. Anatenga yomwe ija, kuti makina a pa waya ndi opanda waya azionana ngati ali pa netiweki imodzi. Bluetooth nayo imatunga m'chitsime chomwecho. Kenako kunabwera makompyuta ongoyerekezera, ambirimbiri mkati mwa makina amodzi enieni, iliyonse ikufuna adiresi yake. Zomwe zimayamba ndi 00-50-56 ndi za VMware. Foni imodzi imatha kudya manambala angapo. Nkhokwe yomwe inkaoneka yopanda malire inayamba kufuna woiyang'anira.

Vuto silinali kuchuluka kwa zipangizo kwenikweni, koma kagawidwe. Kampani yopanga makina 500 a m'chipatala pachaka inkatha kulandira manambala 16 miliyoni mofanana ndi kampani yopanga mafoni, ndipo otsalawo ankangokhala osagwira ntchito mpaka kalekale. Ofesi ya kaundula inaika cholinga choti manambala a mabiti 48 akwanire zaka 100, kufika 2080. Inalamula kuti kampani isapatsidwe chigawo china isanagwiritse ntchito 95 pa 100 alionse a chomwe ili nacho. Ndipo mu 2014 inakonza zigawo za misinkhu itatu: chachikulu cha manambala 16,777,216, chapakati cha 1,048,576, ndi chaching'ono cha 4,096, chilichonse ndi mtengo wake. Ndi ntchito ya ukalaliki, yopanda ulemerero, ndipo mwina ndi yofunika kuposa miyezo ina yomwe inatchuka m'manyuzipepala.

Chomwe oyambitsa aja sanachiganizire n'chakuti makina adzalowa m'thumba la munthu. Nambala yosasintha pa kompyuta yolemera yokhala patebulo la mu ofesi imangozindikiritsa kompyutayo. Nambala yosasintha pa foni imazindikiritsa mwini wake kulikonse komwe wapita, chifukwa foni yofufuza Wi-Fi imaulutsa adiresi yake m'mlengalenga kwa aliyense wotchera khutu. Mu 2013 zinadziwika kuti kampani ya Renew inaika zida zowerenga manambalawa m'mabini a zinyalala a m'misewu ya pakati pa London, n'kumalemba mafoni a anthu odutsa. Akuluakulu a City of London analamula kuti zileke mu August chaka chomwecho. Pa intaneti vuto lofanana linali litaoneka kale: njira yoyamba yopangira IP adiresi ya mtundu watsopano wotchedwa IPv6 inkaika MAC adiresi mkati mwake, kutanthauza kuti nambala yomwe inkayenera kuthera pa rauta inkafika kwa aliyense padziko, ndipo mu 2001 panalembedwa njira ina yoibisa.

Yankho linapezeka mu biti ija yomwe inasiyidwira eni netiweki ofuna kupeka manambala awo. Mu 2014 Apple inayamba kuchititsa mafoni ake kuti pofufuza Wi-Fi azigwiritsa ntchito nambala yopeka mwamaere. Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020 zinapita patsogolo, foni n'kumaonetsa nambala yosiyana pa netiweki iliyonse yomwe yalowa. Nambala yotere mukhoza kuizindikira: chilembo chake chachiwiri chimakhala 2, 6, A kapena E. Sichokera ku Piscataway ndipo sinena kampani yomwe inapanga foniyo. Poona kuti gawo lopekali layamba kudzaza ndi anthu osafunsana, komiti inalemba muyezo wa 802c mu 2017 woligawa m'zigawo kuti ogwiritsa ntchito osiyanasiyana asapondane.

Pa waya zinthu sizinasinthe kwambiri. Makina osindikizira, makamera ndi makompyuta a m'maofesi akadali ndi nambala yomwe anadindidwa kufakitale, ndipo switch iliyonse ikuphunzirabe maadiresi monga inkachitira LANBridge 100. Kusokonezeka kuli kumbali ya Wi-Fi. Mahotela omwe ankawerengera alendo nthawi potengera MAC adiresi, masukulu omwe ankalola zipangizo zolembetsedwa zokha, makolo omwe ankatsekera foni ya mwana intaneti usiku, onse anapeza kuti chipangizo chomwe ankachidziwa chabwera ndi nkhope ina. Gulu la 802.11 linatsegula ntchito ziwiri pa nkhaniyi. Ya 802.11bh inali yopeza njira yoti netiweki izizindikirabe chipangizo chomwe chasintha adiresi, ngati mwini wake walola. Ya 802.11bi ndi yochepetsa zizindikiro zina zomwe foni imatayabe m'mlengalenga ngakhale itabisa nambala yake.